Zimene Bambo Saulosi Ankakana Kutaya

"Iyinso ayi," anatero Elson, akulanda wailesi m'manja mwa mlongo wake. "Ikungofunika waya basi."

Lydia anapumira m'mwamba. Kuyambira m'mawa nyimbo inali yomweyo. Iye akatulutsa chinthu n'kuchiponya pa mulu wokataya, Elson ankachitola, kuchipukuta ndi malaya, n'kuchibwezera m'nyumba.

"Achimwene, wailesi imeneyi sinalankhulepo chibwerereni ine ku Joni kuno. Ilankhule lero poti mwini wake wapita?"

Bambo awo, a Saulosi, anali ataikidwa m'manda kwawo ku Ntcheu sabata yapitayo. Kwa zaka zambiri ankasamalira maluwa m'nyumba za azungu ku Garsfontein, n'kumagona m'kachipinda ka lendi kuseri kwa galaja ku Gezina. Tsopano mwini nyumba ankafuna chipinda chake dzuwa lisanalowe. Lydia naye anali atachita kunyengerera madamu ake ku Menlo Park kuti amupatse tsikuli, ndipo madamuwo anali atatopa kale ndi nkhani za maliro.

Koma chipindacho! Chilichonse chimene azungu ankaika panja pa geti, a Saulosi ankachimangirira pa njinga. Pansi pa bedi panali mapoto opanda zogwirira ndi zivundikiro zopanda mapoto ake. Matiresi anatsamira kukhoma mpaka kutseka zenera. Majuzi onunkha chinyezi, nsapato zomangidwa ziwiriziwiri, zitini zodzaza misomali yochita kuwongola. Lydia anatsegula sutikesi poganiza kuti apezamo zithunzi za malemu amayi ake. Anapezamo majumbo, opindidwa bwinobwino ngati zovala za kutchalitchi.

"Majumbo! M'sutikesi!"

"Tizitumize kumudzi zonsezi," anatero Elson. "Amalume ananena kuti katundu wa malemu satayidwa abale asanamuone."

"Amalumewo abwere adzasenze okha mpaka ku Ntcheu. Mukufuna anthu akatiseke? Munthu wakalambira ku Joni, chuma chake n'kukhala zivundikiro?"

Elson anakhala pa chigubu, wailesi ili pamiyendo, n'kumapotokola kabatani kake. Lydia anatembenuka msanga kuti asaone nkhope yake. Ankakumbukira mmene ankakalipira bambo ake iye akabwera kudzawaona, posowa ngakhale pokhala. Iwo ankangoseka, n'kusuntha mulu wa mabulangete, n'kumuthirira tiyi.

Panja, Sizwe, mwini wake wa baki, galimoto ya katundu imene anaibwereka kuti ikataye zinyalala, analiza hutala.

"Eish, sisi, tikupakira kapena ndizipita?"

Lydia anakumbatira mapoto n'kutuluka. Pa geti anangotsala pang'ono kuwombana ndi mayi wina wamfupi wovala mpango wakuda, atasenza mtolo kumutu, ketulo ili kumanja.

"Pepani ndi zovutazi, mwanangu. Ndine Rabia, wa ku Mangochi. Ndabweretsa katundu wa a Saulosi."

"Mwabweretsa?" Lydia anatsitsa mapoto aja mwaphokoso. "Amayi, ife tikutulutsa. Inu mukuwonjezeranso?"

Mayi Rabia anatula mtolo wawo modekha n'kuumasula. Munali bulangete, mbale ndi juzi.

"Ine nditatsika basi chaka chatha, m'bale amene ndinkadalira anali atasamuka. Inali Juni, ndili ndi patapata kuphazi. Munthu wina anandiuza kuti pitani ku Gezina, mukafunse a Saulosi. Sanandifunse za mpingo kapena za kwathu. Anangondiyang'ana phazi, n'kulowa pansi pa bedi, n'kutuluka ndi nsapato. Kenako izi. Anati ndikadzaima pandekha ndidzabweze, chifukwa basi siisiya kubwera."

Elson anali ataima pakhomo. "Wamva?" anatero.

"Ndamva, Achimwene, sindine wogontha. Koma mwini nyumba akufunabe chipinda chake. Kapena inu muli ndi posunga matiresi?"

Elson anayang'ana pansi. Iye ankagona ndi anzake m'chipinda chimodzi ku Mamelodi.

Mayi Rabia anasuzumira mu baki muja n'kupukusa mutu. Anapempha foni ya Sizwe, n'kulankhula mwachangu, Chiyao ndi Chichewa chosakaniza. Pofika masana anthu anayamba kutulukira: amayi ovala yunifomu za ntchito, bambo wina ndi wilibala, winanso ndi njinga. Aliyense ankagwada kaye kupepesa maliro, kenako n'kusankha. Wina anatenga matiresi, nati kwake kuli kashedi kowasungiramo mpaka atabwera alendo ena owafuna. Wina anatenga nsapato zonse. Zivundikiro zija bambo wa wilibala anaziyesa pa mapoto mpaka zina zinakwana. Ngakhale majumbo anapeza owafuna.

Choipa chinali chakuti ambiri sankabwera chimanjamanja. Uyu wabweza simbi, uyo wabweza mpando. Lydia anafika pokuwa kuti aliyense wobweretsa chimodzi achoke ndi ziwiri, ndipo anthu anaseka ngakhale anali pa maliro.

Sizwe anapita ndi baki yosadzaza n'theka lomwe. Elson anakana kusiya wailesi, ndipo Lydia anali atatopa kukangana naye. Anasesa chipindacho, n'kudabwa kukula kwake.

Pakhomo panatsala ketulo ija yokha.

"Imeneyi musunge inu," anatero Mayi Rabia. "Anthu adzafunsabe kuti ana a Saulosi ali kuti."

"Ndikaiyika pati? Kachipinda kanga n'kongokwana bedi."

Anainyamula akudandaula choncho. Chogwirira chake chinali cha waya wa mpanda, koma bambo ake anali atachiveka kachidutswa ka paipi yothirira maluwa, n'kusalaza m'mphepete mwake ndi mpeni, kuti mlendo amene sankamudziwa n'komwe asadzapse dzanja.

Lydia anayendetsa chala pa paipiyo. Kenako anavula juzi yake, n'kukulunga ketuloyo kuti isagundegunde m'takisi.