A Magetsi Aphunzira Kuwerengera Mumtima

A Magetsi, monga ankawatchulira anzawo a kufakitale, anagwira mawaya zaka makumi awiri osapsa ngakhale chala. Koma chaka chimenecho kunabwera lamulo loti aliyense wokhudza magetsi akhale ndi pepala la umisiri wake. Wolephera mayeso atule zida, azipita. Manja awo ankadziwa zonse, koma tsoka lake mayeso safunsa manja.

Kunyumba sikunali kowerengera. Makina osokera a akazi awo ankalira kuyambira m'mawa, adzukulu awiri ankalimbirana wailesi, ndipo a Magetsi akangotsegula buku, wina ankakumbukira kuti ayironi yafa.

"Pitani kukoleji kuja," anatero akazi awo, ulusi uli kukamwa. "Ndamva kuti mulaibulale mwawo amalola ndi anthu akunja omwe. Pano mukungotisokosera."

"Ine kusokosera inu?"

"Nanga! Mumawerenga ngati mukuitanira basi."

Apa mayi sananame. A Magetsi anaphunzira kuwerenga m'kalasi ya ana zana, onse akufuula pamodzi pambuyo pa aphunzitsi. Chiyambire pamenepo, mawu sankawalowa m'mutu pokhapokha atadzera pakamwa.

Loweruka m'mawa anavala malaya ositasita n'kupita. Atangokankha chitseko cha laibulale anaima kaye. Munali anthu oposa makumi asanu, koma kunkangomveka mapepala akutembenuzidwa ndi wotchi ya pakhoma. Mashelefu anali aatali kuposa munthu, matebulo osalala, ndipo munkanunkhira mabuku akale ndi polishi. Mwachizolowezi anayang'ana kudenga. Mababu onse ankayaka bwinobwino, popanda lophethira kapena lolira. Nyumbayo anaikonda nthawi yomweyo.

Woyang'anira laibulale anali mayi wamfupi wa imvi, wovala nsapato za mphira zosamveka poyenda. Anawalembera khadi n'kuwalozera mpando wa pawindo.

Anayamba bwino ndithu, koma buku litakoma anaiwala kumene anali. "Magetsi ambiri akadutsa mu waya wochepa, wayayo amatentha!" Mitu makumi asanu inadzuka. Mtsikana wina anabisa nkhope m'kope, mapewa akugwedezeka. A Magetsi anachita manyazi osaneneka, munthu wamkulu ndi adzukulu ake kusekedwa ndi ana.

Potembenuka anapeza mayi uja ataima kale pambali pawo.

"Bambo, tanyamulani mabuku anu munditsate," ananong'ona.

Basi zatha, anaganiza choncho. Koma mayiyo anadutsa chitseko chotulukira osachiyang'ana n'komwe, n'kuwalowetsa m'kachipinda ka kuseri konunkha guluu. Mmenemo munali mkulu wina akumata zikuto za mabuku ong'ambika.

"Muno fuulani mmene mungathere," anatero mayi uja. "Achimwene awa makutu awo anapuma ntchito kalekale."

Mkuluyo anamwetulira, n'kusuntha chitini cha guluu kuti mlendo apeze poika zigongono. Sabata yonse, akangoweruka kuntchito, a Magetsi ankalalikira za mafyuzi ndi mamita, mnzawoyo akumata mabuku mwamtendere. Zinthu zinayamba kukhala m'mutu.

Lolemba lotsatira mayi uja anasuzumira pakhomo.

"Mayeso anu ndi liti, bambo?"

"Kwatsala masabata atatu, mayi."

"Nanga kumeneko mukafuuliranso? Akakutulutsanitu musanalembe ndi dzina lomwe."

A Magetsi anatuluka thukuta. Zimenezo anali asanaziganizepo ngakhale kamodzi.

"Musade nkhawa. Mawa mukhala patebulo la pafupi ndi ine, muzinong'ona. Sabata yamawa milomo yokha. Inayo mukakhala pakati pa anzanu, pakamwa potseka."

Kunong'ona kunali kosavuta kwenikweni. Mawu akayamba kukwera, mayiyo ankangogogoda tebulo kamodzi ndi pensulo, maso ali pa ntchito yake, ndipo a Magetsi ankatsika. Sanawakalipire, sanawayang'ane ndi diso loipa. Ankachita zomwezo kwa aliyense m'njira yakeyake: wogona ankamusiya pang'ono asanamugwire paphewa, wosochera pakati pa mashelefu ankamupezera buku asanamalize kufunsa. A Magetsi ankamusirira kwambiri. Mmisiri amadziwa mmisiri mnzake, ndipo anaona kuti bata la m'nyumbamo silinangogwa kumwamba, linali ntchito ya manja a munthu.

Pa milomo yokha m'pamene zinavuta. Ankafika pansi pa tsamba osakumbuka za pamwamba. Tsiku lachitatu anatseka buku n'kupita kwa mayiyo atataya mtima.

"Mayi, mutu wangawu ndi wachikale. Mawu opanda phokoso akungodutsa. Bola ndikagulitse makala."

"Makala ali ndi eni ake," anayankha motsitsa. "Mawuwo akumveka mkatimo, kungoti simunazolowere kuwamvetsera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwererani pa ndime yomweyo, musathamange."

Anabwerera. Anaibwereza ndimeyo kasanu, kenako kakhumi. Madzulo ena a sabata yomaliza, ali pakati pa ophunzira a msinkhu wa ana awo, anazindikira kuti amaliza mutu wonse wa buku, nsagwada zikuwawa chifukwa cholumanitsa mano. Anatseka buku n'kudzifunsa mafunso. Zonse zinalimo.

Analemba mayeso m'holo yaikulu ya zii, ndipo palibe amene anawatembenukira.

Zotsatira zitatuluka sanadikire kuweruka. Anapempha kwa kapitawo n'kuthamangira kukoleji ndi ovolosi yomwe, pulayala ili m'thumba. Analowa monyang'ama, n'kuika pepala la zotsatirazo patebulo la mayi uja. Mayiyo anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi, kenako anaimirira n'kuwakodola. Anatuluka nawo panja pa masitepe, n'kutseka chitseko bwinobwino.

"Tsopano fuulani, bambo. Kunja kuno n'kwanu."

A Magetsi anakoka mpweya n'kutsegula pakamwa, koma mawu anakana kutuluka. Inangobwera misozi, yambiri, mpaka anavula chipewa n'kuphimba nacho kumaso. Ntchito yawo inali itapulumuka, ndipo sankadziwa kuti munthu wotere amamuthokoza bwanji.

Mayi uja anaima nawo pomwepo mpaka a Magetsi anatonthola.