Mbali ya Kukhoma

Akazi anga akhala m'nyumba yosamalira okalamba miyezi isanu ndi umodzi, chiwakulireni matenda oiwala aja. Ndimapitako tsiku lililonse akatha kudya masana. Ndimatseka chitseko, n'kuvula nsapato, n'kugona nawo pakabedi kawo, ine mbali ya kukhoma, monga takhala tikugonera zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Nthawi zina timangogona. Nthawi zina ayi, ndipo zimenezo n'zathu.

Lachiwiri namwino analowa osagogoda, thawulo lili m'manja. Anakuwa ngati wapezerera wakuba. Wakuba ine? Pa mkazi wanga?

Tsiku lotsatira ndinapeza chitseko atachitchinjiriza ndi mpando kuti chisatsekeke. Pafupi ndi bedi panaima namwino uja ndi mkulu wa pamalopo, mwana woti ndingamubereke.

"Agogo, musakhumudwe," anatero mkuluyo. "Lamulo lathu limati munthu amene sakuzindikira yemwe ali naye sangavomere zoterezi. Ndiye tiwafunsa."

"Sangavomere? Funsani owasambitsa ngati mayi awa satha kukana! Si namwino yemweyu amene mayiwa anamugenda ndi sopo sabata yatha?"

Mkuluyo ananjuta pamaso pa akazi anga.

"Agogo, bambo awa ndi ndani?"

Akazi angawo anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkapempha chamumtima: nditchuleni, mayi, kamodzi kokha.

"Kaya," anatero, akuseka mwamanyazi. "Koma ndi aulemu."

Basi, mlandu watha. Mkulu uja analemba papepala kuti kuyambira tsiku limenelo tizionerana kuchipinda chochezera, pamipando yapulasitiki, pomwe wailesi yakanema imasokosa tsiku lonse.

Ndinapsa mtima kwambiri. Dzina! Kodi ndi dzina limene limawasisita msana akamalira osadziwa chowaliritsa? Funso limodzi, zoona, n'kundilanda mkazi! Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera munthu wa imvi, ndipo sindikupepesa.

Ndikutola chipewa kuti ndizipita, akazi anga anasendera kumphepete kwa bedi mpaka kutsala pang'ono kugwa. Anakankhira pilo kukhoma, n'kumenyamenya matiresi ndi dzanja.

"Nanga mwaimiranji?" anandifunsa. "Bwerani, malo anu akuzizira."

Ndinayang'ana mkulu uja. Iye anayang'ana pepala lake. Namwino anandigwira mkono n'kunditulutsa, akazi anga akumenyabe matiresi.