Ndevu za Olive

Akazi a kwathu timamera ndevu. Si zambiri ayi, zisanu kapena zisanu ndi ziwiri kunsi kwa chibwano, koma zolimba ngati waya. Amayi anga anali nazo, ine ndili nazo, mwana wanga Olive analinso nazo. Kuno ku Kande mkazi wandevu samusiya: ena amati adzalemera, ambiri amati amatamba. Ndiye ife timazula.

Kuzula kwake n'kwa phulusa. Umatapa lofunda, n'kupaka pachibwano ndi m'zala kuti tsitsi lisaterere, n'kugwira ndi zikhadabo, thu! Tsitsilo sutaya pamtetete. Umakulunga m'tsamba n'kukwirira patsinde pa nthochi, chifukwa sudziwa amene akukuyang'ana. Loweruka lililonse ndinkamuzula Olive kuseri kwa bafa, mutu wake uli pamiyendo panga, ngakhale atakwatiwa kale.

Kenako anadwala. Zinali zaka zija mankhwala asanafike kuno, maliro akungotsatizana. Anabwerera kwa ine thupi litatha. Phala ndinkamumwetsa, zovala ndinkamuchapira nditavala majumbo m'manja. Koma kuzula kumatulutsa kadontho ka magazi, ndipo anthu ankati imfayo ili m'magazimo. Loweruka lina anandiitana: "Ama, zakula." Ndinati ndikukavuula chinangwa kudambo. Loweruka linalo ndinati nkhuni zanyowa. Kenako anasiya kupempha. Ankangodzisisita pachibwano, maso ali pa ine.

Tsiku la maliro atatsegula bokosi kuti anthu aone nkhope, ndevu zinali poyera, zazitali, zopotana. Ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akunong'ona kuti, "Mwaona? Si matenda okha aja." Mwana wanga, woimba kwaya, anapita kumanda ndi dzina la ufiti.

Papita zaka makumi awiri ndipo Olive amabwerabe. Amabwera masana, dzuwa likuswa mtengo. Ndikamayanika chinangwa pathandala ndimangoona munthu waima panthochi paja, dzanja pachibwano. Ndikati ndiyang'anitsitse, palibe.

Anandisiyira mwana wa zaka zinayi, Mwawi. Atakula nayenso zinamumera. Popita ku Mzuzu kukagwira ntchito m'sitolo ndinamuchenjeza zonse. Lezala ayi, zimabwerera zochuluka. Mafuta a m'chubu aja onunkha ngati dzira lowola, ngati akudya tsitsi alekeranji khungu? Nanga ku saluni kumene amazula ndi ulusi, akasesa tsitsi lako amakataya kuti, amatola ndani?

Iye ankangoseka. "Ambuya, inu mukanakhala boma bwenzi mutaletsa ndi kupuma komwe."

Mwezi wathawu Mwawi anatsika minibasi pamsewu akutsokomola, siketi atamanga ndi nsalu kuti isagwe. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu. Bambo Lonjezo, azaumoyo athu ochokera ku Dedza, anandiuza kuti, "Agogo, mankhwala akumwa, achira ameneyu. Muzingotsegula mawindo, musamuthawe." Ndinavomera ndi pakamwa. Chipinda chilipo chimodzi chokha choti agone wodwala, chomwe chija anagonamo mayi ake.

Lachitatu m'mawa kunabwera uthenga woti amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi kwathu, abwera mawa lake kudzamupempherera. Amayi khumi ndi awiri, ndipo ena mwa iwo analipo tsiku lija la bokosi. Ndikusesa pakhonde ndinamva mawu m'chipinda.

"Ambuya, zakula."

Tsache linagwa. Ndinasuzumira pakhomo. Chubu chake cha mafuta aja chinali pamphasa, chofinyidwa mpaka kuphwatalala. Anali atayesa lezala, koma anangodzicheka pang'ono pakhosi.

"Ndikukavuula chinangwa," pakamwa panga panayankha pokha.

Anangokweza dzanja n'kuyamba kudzisisita pachibwano.

Ndinatuluka ndi beseni. Kupita kudambo umadutsa panthochi. Olive anali ataima pomwepo, atavala diresi lake lobiriwira. Ndinamuyang'anitsitsa kuti azimirire monga amachitira. Sanazimirire. Sanakwiye, anangoima panjira. Ndinatula beseni n'kubwerera kukhitchini.

Ndinatapa phulusa m'chigoba cha mbale, n'kuvala jumbo kudzanja. Mwawi ataona anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwabwera kudzagulitsa mandasi?"

"Khala chete iwe. Bweretsa mutu."

Mutuwo unali wopepuka ngati wa mwana. Ndinapaka phulusa, ndinagwira tsitsi loyamba, linaterereka. Ndinagwiranso, linaterereka. Jumbo ndi chikhadabo sizigwirizana. Ndinayesa kanayi, thukuta lili kamukamu.

"Basi Ambuya, zisiyeni," anatero motsitsa mawu. "Mawa ndidzafunda nsalu mpaka pamphuno. Ndikudziwa mukuopa."

Mayi ake sanandiuzepo mawu amenewo. Mwina akanandiuza, bwenzi nditamuzula.

Ndinavula jumbo ija n'kuiponya pansi. Khungu lake linali lotentha. Thu!

"Mayo! Ku saluni sapweteka chonchi!"

"Ku saluni ali ndi tsitsi lako m'thumba, udzawafunse."

Pa tsitsi lachinayi panatuluka kadontho ka magazi, kofiira pakati pa phulusa. Ndinakayang'ana. Ndinakapukuta ndi chala changa chachikulu, chopanda kanthu, n'kupitiriza. Zinakwana zisanu ndi ziwiri. Pomaliza anali atagona tulo pamiyendo panga.

Amayi a Umanyano anabwera ndi mabulauzi awo oyera. Anaimba, anapemphera, anasiya sopo ndi usipa. Mmodzi anamugwira Mwawi pachibwano n'kunena kuti, "Nkhope ya mayi ake yeniyeni." Palibe ananong'ona.

Mwawi tsopano akudya, dzulo wafika yekha mpaka kumsewu. Loweruka lililonse amadzitapira yekha phulusa n'kundiitana. Za saluni ndamuletsabe, ndipo nanunso ndikukuletsani.

Tsitsi lija ndinakakwirira panthochi tsiku lomwelo. Ndikufotsera ndinanena mokweza kuti, "Olive, za mwana wako ndazula."

Amabwerabe masana. Saimanso panjira, amandisiya ndidutse. Koma dzanja likadali pachibwano, ndipo pamenepo zala zanga sizingafikenso.