Wakuba Ulusi Wofiira

Ine pakamwa panga sipatseka, zimenezo musachite kufunsa. Amayi anga ankati ndinabadwa ndikuyankha. Ndiye mukamva kuti tsiku lina ndinakhala maola awiri athunthu osatulutsa liwu, pakhonde la shopu yanga yomwe, dziwani kuti panali nkhani.

Nkhani yake ndi ya apongozi anga aamuna. Munthu wamkulu, anagwira ntchito ku positi zaka makumi atatu, atapuma n'kulowa kagulu ka anthu oonera mbalame. Eya, oonera. Sazigwira, sazidya, saziweta. Amangolawirira m'mamawa, zipewa zazikulu kumutu, zoonera patali m'khosi, kukaima pansi pa mitengo makosi ali m'mwamba. Akaona mbalame amalemba m'kabuku. Ndinawafunsapo kuti, "Bambo, ndiye mukalemba, kenako?" Iwo anati, "Kenako timaona ina, mayi."

Kaguluko kali ndi malamulo awiri. Loyamba, mbalame yosowa ukaiona uli wekha ndiye kuti sunaione, mpaka membala wina aionenso ndi maso ake. Lachiwiri, akayamba kudikirira palibe kuyankhula, kutsokomola kapena kuyetsemula. Mlonda wa malamulowa ndi a Tcheya, bambo wamtali amene kale ankazula anthu mano. Mpaka lero akakuyang'ana umangomva tsaya likuwawa.

Chaka chino, nyengo ya mphukira ikupita kumapeto, maluwa atayamba kuyoyoka m'mitengo, apongozi anafika kunyumba ali wefuwefu. Akuti aona kambalame pafupi ndi shopu yanga yosokera, ka chifuwa chachikasu, mchira wogawanika ngati sizasi. Dzina lake ndi lalitali ngati la mankhwala a kuchipatala, musandivutitse nalo. Atakauza anzawo, a Tcheya anatsegula buku n'kunena kuti mbalame imeneyo njira yake ili kutali ndi kuno, sinaonekepo m'tauni mwathu chiyambire. "Mwina ndi mpheta yagwera mu penti," anatero, gulu lonse n'kufa nacho chiseko. Apongozi anakaonanso kachiwiri, kachitatu. Nthawi zonse ali okha.

Tsoka lake, sabata yomweyo anaika magalasi awo mufiriji, n'kuwafunafuna tsiku lonse. Mawa lake anaitana mdzukulu wawo ndi dzina la galu. Amuna anga anandikokera kuchipinda.

"Bambo mutu wayamba kusokonekera," anatero. "Lero akuona mbalame za m'buku, mawa adzaona mkango pa siteji ya basi n'kuthawira mumsewu. Kuyambira Lolemba asamatulukenso okha. Geti tizikhoma, zoonera patali zija zilowe muwadiropu."

Ine ndinavomereza. Sindinangovomereza, ndinachita kuthirira ndemanga, mpaka kutchula malo abwino obisapo makiyi.

Madzulo tikudya, apongozi anaika supuni pansi. "Ndipatseni Loweruka lokha," anatero, osakweza mawu. "Ndaitana gulu lonse ku shopu. Akapanda kuiona, geti khomani. Zoonera patali ndikupatsani ndi manja angawa." Amuna anga anangoyang'ana m'mbale ngati mwalembedwa nkhani.

Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi ndi khonde. Pakhondepo pali makina osokera ndi tebulo lodulirapo nsalu. Kumanzere kuli saluni, kutsidya kwa msewu kuli chimtengo chachikulu, pansi pake pamakhala mkulu womata matayala. Masiku amenewo ndinali ndi yanga nkhani yondidya mutu: ulusi wofiira umasowa. Timaulusi totsala ndikasoka ndimatiunjika pakona ya tebulo kuti ndisokere mabatani, koma tofiira tokhatokha timangozimiririka. Ndinatchera msampha wa makoswe, sunagwire. Ndinayamba kumuyang'ana m'mbali mayi wa saluni, mpaka tinasiya kupatsana moni.

Loweruka lija apongozi anafika ndi anzawo asanu ndi awiri, ine ndisanasese n'komwe. Anzawowo onse atavala zobiriwira zotuwa, akuti kuti mbalame iziwayesa tchire. Tchire pakhonde la telala! Panali mayi wina wa kamera yaitali ngati mkono wanga, panali aphunzitsi opuma a mimba yawo, ndi ena oti nkhope zawo sindinazigwire chifukwa tsiku lonse ndinkangoona misana.

"Munaiona ikuchokera kuti?" anafunsa a Tcheya.

"Cha pakhonde pompano," anatero apongozi. "Imadutsa mmunsimmunsi."

"Munaona molakwa. Mbalame yosowa ndi yamanyazi, siyandikira anthu. Ngati ilipo, ili pamwamba pa mtengo uwo." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi, makina anu lero agone. Pakamwa panunso."

"Pepani, mwati chiyani? Pakhonde pangapa?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

Mawu anali atafika kale pammero, akuluakulu ndithu, koma ndinaona apongozi akundiyang'ana mopempha, ndiye ndinawameza. Anandiwawa ngati ndameza fupa.

Anandanda m'mphepete mwa khonde, onse asanu ndi awiri, nkhope kumtengo, matako kwa ine. Apongozi maondo amawavuta, ndiye ndinawapatsa mpando pafupi ndi tebulo, kumbuyo kwa mzerewo. Ine ndinakhala pa makina anga manja ali pamiyendo, ngati mlendo pamaliro a munthu wosamudziwa.

Abale, kudikira mbalame ndi ntchito. Ola loyamba kunabwera khwangwala, onse analemba. Kenako china chake chachikasu chinagwedezeka panthambi ya pamwamba, mzere wonse unaima ndi zala za kumapazi, kamera ili tcha, tcha, tcha. Linali jumbo la pulasitiki. Mimba ya aphunzitsi inalira, a Tcheya anaiyang'ana n'kuiuza kuti, "Shhh!" Anthu odutsa ataona akuluakulu akuyang'ana kumwamba, nawonso anaima n'kuyang'ana kumwamba. Mkulu wa matayala anachoka pansi pa mtengo n'kukaima patali, akuti mwina muli njoka. Kasitomala wanga anabwera kudzatenga buluku lake, anangoti "Zikomo kuno," zala zisanu ndi ziwiri zinakwera pamilomo. Bambo wa ulemu wake anabwerera monyang'ama, buluku osatenga.

Dzuwa linakwera. Ndinaona a Tcheya akuyang'ana wotchi kawiri. Ndinayang'ana apongozi: zoonera patali zili pamiyendo, kolala yonyowa ndi thukuta. Anali atavala malaya awo abwino, oyera aja amapita nawo ku maukwati. Pamenepo mtima unandiwawa, chifukwa ndinadziwa kuti avalira tsiku lawo lomaliza kuyenda okha, ndipo amene anasita malayawo ndine.

Ndiye ndinamva kaphokoso kumbali kwanga, kakang'ono, tsi.

Patebulo panga, pafupi ndi sizasi, panali kambalame. Chifuwa chachikasu ngati dzira lokazinga, mchira wogawanika pawiri. Kanadumpha kawiri, kanafika pa mulu wa timaulusi, kanayamba kusankha. Koyera kanataya. Kakuda kanataya. Kofiira kananyamula.

Wakuba uja! Ndikunena zoona, choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali kukaphwanya ndi nsalu. Milungu iwiri osalankhulana ndi mayi wa saluni chifukwa cha kanthu kosakwana m'dzanja! Koma ndinatembenuka n'kuona apongozi. Kambalameko kanali pafupi nawo moti akanatha kukakhudza. Misozi inali chuchuchu m'masaya, koma liwu osatuluka. Lamulo! Munthu ufulu wake ukuthera pamenepo, mboni zisanu ndi ziwiri zaima poteropo zitamufulatira, iye akusunga lamulo lachiwiri. Paja amati wamisala anaona nkhondo, ndipo apa wamisala panalibe, opusa tinali ife.

Kukuwa sindikanatha, kakanathawa. Ndinanong'ona: "A Tcheya."

Osatembenuka n'komwe, anakweza chala. "Shhh."

"A Tcheya, kumbuyo kuno."

"Shhh!"

Kambalame kanali katadzaza kale mlomo, katsala kaulusi kamodzi kakatali kamene kankalimbana nako. Ndinadziwa kuti kakangokasolola, kapita. Ndinayang'ana uku ndi uku. Pambali pa makina panali ndodo yanga yoyezera nsalu, ya mita imodzi, yong'aluka pang'ono kunsonga. Pachifuwa pa diresi langa sipasowa mapini. Ndinasolola imodzi, ndinailowetsa mumng'alumo, nsonga kutsogolo. Pang'onopang'ono, ngati ndikutola dzira pansi pa nkhuku, ndinatambasula mkono kulunjika pa buluku lobiriwira la a Tcheya. Mulungu andikhululukire, sindinabaye mwaulemu.

Munthu wamtali uja anadumpha, mapazi onse awiri kusiya simenti. Koma tamverani, sanakuwe! Analuma lamba wa zoonera patali, maso ali psuu, liwu osatuluka ngakhale limodzi. Pamenepo ndinawapatsa ulemu, anthu amenewa chipembedzo chawo amachidziwa. Anatembenuka ndi nkhope yoti andizula mano onse popanda jakisoni. Ine ndinaloza patebulo ndi milomo.

Mukuganiza kuti anachita chiyani? Anakweza zoonera patali! Mbalame ili pamphuno pawo, iwo akuifuna m'magalasi oonera kutsidya kwa mtsinje, chala chili kalikiliki kupotokola kagudumu, akungoona chikasu cha mbuu. Ndinakola lamba uja ndi ndodo yanga n'kukokera pansi.

Anaiona. Kukamwa kunangoti yasa, mpaka ndinaona kuti wozula mano uja naye awiri am'mbali mulibe. Dzanja lawo linapita lokha n'kutsina aphunzitsi. Aphunzitsi anatsina mnzawo, kutsinana kunayenda mzere wonse, aliyense akatembenuka n'kukweza zoonera patali, a Tcheya n'kumazitsitsa mmodzimmodzi. Mayi wa kamera anapeza kuti chikamera chakecho sichijambula za pafupi. Anayamba kubwerera chambuyo, diso lili pa kamera, phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu, khonde linatha. Anakhala pansi m'ngalande, miyendo m'mwamba, koma naye osakuwa, ndipo ali momwemo ndinamva tcha.

Kambalame kanasolola ulusi wake, kanatiyang'ana tonse ndi diso limodzi, n'kuuluka. Ulusi wofiira unadutsa pamphuno pa a Tcheya. Sikanapite kumtengo ayi. Kanakhota n'kulowa kuseri kwa chikwangwani cha saluni, kumene kamamanga chisa chake masiku onsewa, pamwamba pa mitu ya azimayi omangitsa tsitsi.

Ndiye kunabuka phokoso! Akuluakulu kukumbatirana, zipewa m'mwamba, aphunzitsi kuvina mimba ili gwedegwede. Anthu a mumsewu, amene anali akuyang'anabe kumtengo, ankafunsana kuti chagwa n'chiyani. Mayi wa saluni anatuluka chipeso chili m'manja. Ndinamupatsa moni ine woyamba, mokweza, mpaka anadabwa.

A Tcheya anavula chipewa. Anayenda motsimphina, dzanja limodzi lili kumbuyo, mpaka pamene panakhala apongozi. Ndinawapatsa mpando, anati ayi, aima.

"Akulu," anatero, "ndinakusekani pagulu. Ndikupepesanso pagulu. Mbalame ndi yanu, ife tangokhala mboni."

Apongozi anapukuta nkhope ndi kansalu kamene anatola patebulo, kolala ya diresi la kasitomala. "Mayi," anatero kwa ine, "tamuimbireni mwamuna wanu."

Ndinaimba, n'kupereka foni kwa a Tcheya. Anafotokoza zonse, dzina lalitali lija analitchula katatu, n'kumaliza ndi kuti, "Bambo anu maso awo aposa athu tonse asanu ndi awiri, ndi magalasi athu omwe." Kenako ndinamva amuna anga akuti, timawu tating'ono, "Apatseni bambo foni." Apongozi anapukusa mutu. "Muuzeni ndimupeza kunyumba. Nthawi yake sindikudziwa."

Gulu litayamba kulemba m'timabuku tawo, ndinagwada pafupi ndi mpando wawo. Manyazi anali atandigwira mpaka m'makutu. "Bambo, pepani. Za makiyi zija nanenso ndinali momwemo."

"Ndinamva, mayi. Pansi pa thumba la mpunga, munatero. Khoma la chipinda chanu ndi lopyapyala." Anandigwira paphewa kuti adzuke. "Koma pini ija munabaya bwino."

Anakonza malaya awo, anavala chipewa, zoonera patali m'khosi.

"Ndikuperekezeni?" ndinafunsa.

"Ayi."

Anatsika pakhonde okha, sitepe imodzi, yachiwiri, atagwira mzati. Atafika pamsewu anakhotera kumanzere. Kunyumba ndi kumanja. Mtima unangoti phwii, ndinathamangira kumapeto kwa khonde, pakamwa nditatsegula kale. Iwo sanacheuke n'komwe, anangokweza dzanja.

"Ndikudziwa kuti kunyumba ndi uko, mayi," anatero. "Sindikupita kunyumba."