Mbatatesi Khumi ndi Ziwiri za Rufina

Mwa amuna khumi ndi awiri amene asilikali a Chipwitikizi anawagwira pa msika wa Domwe ku Mozambique m'chaka cha 1972, powaganizira kuti amadyetsa ankhondo a m'tchire, kodi Jacinto, mwamuna wa Rufina, anatsala moyo?

Rufina anakhala miyezi itatu osadziwa. Tsiku lina masana akusankha mbewu ya mbatatesi pakhonde, aphunzitsi a Leonardo anafika ndi kalata yochokera kwa João, mmodzi wa ogwidwawo. Rufina sankatha kuwerenga.

"Werengani kumapeto, aphunzitsi. Kumapeto kokha!"

"Ndiyambira pamwamba, mayi," anayankha. Chala chawo chinali chitaphimba mizere ya m'munsi. Iwonso ankaopa kuyang'anako.

João sanakometsere kanthu. Analemba masiku ndi chiwerengero basi. "Lolemba anatitsekera m'nyumba yosungiramo chimanga, tilipo khumi ndi awiri. Lachiwiri anatulutsa atatu. Sanabwerere."

"Atatuwo ndani?"

"Sanalembe maina."

Rufina ankadziwa mwambo wa kwawo: wobwera ndi uthenga wa maliro satchula dzina msanga, amayamba wazungulira kuti womvayo akhale pansi. Anatola mbatatesi khumi ndi ziwiri n'kuziyala pamphasa, kenako anachotsapo zitatu.

"Lachitatu madzi sanatipatse. Anatulutsa anayi."

Anachotsa zinayi. Ina inamupulumuka n'kugubudukira pabwalo, koma sanaitole.

"Lachinayi tinamva lole ikulira panja. Anatulutsa atatu."

Pamphasa panatsala ziwiri. Imodzi inali ya João mwini, poti wakufa salemba kalata. Rufina anaikankhira pambali n'kufumbata inayo ndi manja onse awiri.

"Aphunzitsi, mwana wanga ali m'mimbamu sanawaone bambo ake. Ngati ndi maliro, nenani, ndiyambe kulira anthu amve. Musandiphe pang'onopang'ono ngati mmene akuchitira João."

A Leonardo anachotsa chala chija. Milomo yawo inayenda kaye yokha popanda mawu, kenako anawerenga mokweza.

"Lachisanu tinaboola khoma awirife, ndipo tinadutsa malire chakumtunda kwa Kalomwe n'kufika ku Dedza. Kumudzi sitingabwerere. Mnzangayo, amuna anu, akuti mutenge mbewu yokwanira munyamuke sabata lino, asilikali asanakufikeni. Akanalemba yekha, koma anamuthyola zala."

Jacinto anali moyo, ku Dedza.