Kuno Sitidutsa Munthu Ali M'ngalande

Twila Bergquist anadzuka akuimba tsiku limenelo. Sanali woimba, ngakhale kutchalitchi ankangogwedeza milomo, koma m'mawa umenewo anaimbira m'bafa, anaimbira pomanga majombo, mpaka anapatsa moni wachimwemwe munthu amene ankangokonza babu pakhomo la hotelo. Chisankho chinali pafupi, manyuzipepala ankati chipani chili patsogolo, ndipo bwana wake, Gavanala Verlin Opsahl, anali atatha milungu yambirimbiri osayankha funso la mtolankhani ngakhale limodzi. Imeneyo ndiyo inali ntchito ya Twila.

A Opsahl anasankhidwa kuti aime ngati wachiwiri kwa mayi wina, seneta wa ku nyumba ya malamulo, amene ankafuna upulezidenti. A kulikulu la chipani ku Washington anakopeka ndi nkhope: nkhope ya mlimi wa tirigu, yofiira ndi mphepo ya ku Dakota, yoti ukangoiona umafuna kuisungitsa makiyi a nyumba. Anaiwala kutifunsa ife a kuno za pakamwa pawo. Bambo aja ukawafunsa nthawi, amayambira pa tsiku limene anagula wotchiyo. Choipitsitsa n'chakuti sadziwa kunama. Mlungu woyamba womwewo mtolankhani wina anawafunsa za mfundo za misonkho za mayi seneta, iwo n'kuyankha kuti, "Sindinaziwerenge mwanawe, n'zazitali. Ndikukayika ngati nawonso amayi anazimaliza." Dziko lonse linaseka, kupatula likulu la chipani.

Ndiye mkulu wa kampeni, Colby Ashworth, anaimbira Twila, poti iyeyu anali mlembi wa a Opsahl kuyambira kale iwo ali wapampando wa bungwe la alimi, ndipo ankatha kuwakhalitsa chete ndi diso lokha.

"Mayi Bergquist, ndimveni bwino," anatero Colby. "Azikweza dzanja, azinyamula makanda, aziwerenga zomwe tawalembera, basi. Akangoyankha funso limodzi, inu mukubwerera kwanu, ndipo za ofesi ya ku Washington muiwaliretu."

Ofesi imeneyo Twila ankaifuna, osati masewera. Moyo wake wonse anakhala m'tauni yomwe nyumba yaitali kwambiri ndi nkhokwe ya tirigu. Anali atauza kale amayi onse a kutchalitchi kuti akusamuka, mphaka wake atapereka kwa aneba. Choncho anakhala katswiri. Mtolankhani akatsegula pakamwa, Twila ankakodola a bandi kuti ayambe. Bandi ikasowa, ankatseka chitseko. Chitseko chikasowa, ankawapatsa a Gavanala donasi, poti munthu woleredwa bwino salankhula chakudya chili m'kamwa. A Gavanala ananenepa ndithu mwezi umenewo.

Atolankhaniwo ankawasunga kuseri kwa chingwe pamisonkhano, ndipo paulendo ankawaika m'minibasi kumchira kwenikweni kwa mdipiti wa galimoto. Wovuta kuposa onse anali Corinne Mabry, kamtsikana kowonda ka nyuzipepala ya ku Atlanta. Kankafuula funso lake tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse Twila ankakayankha ndi kumwetulira kuti, "Zikomo mwanangu, nthawi yatithera."

Tsikulo anali m'boma lomwe a Gavanala anabadwira, ndipo chipale chofewa choyamba, madzi oundana aja ogwa ngati ufa, chinali chitagwa mofulumira, minda yonse mbuu. Msonkhano wa kusukulu unatha bwino. A Gavanala anawerenga pepala lawo, ananyamula makanda, analowa m'galimoto. Twila anakhala pambali pawo akugwedeza phazi ngati kukulira gitala.

"Iwe Twila, ukuvinira chiyani?"

"Ndikuvinira inu, bwana. Lero mwakhala ngati mngelo."

"Mngelo amalankhula. Ine mwandisandutsa chikwangwani."

"Chikwangwani chopambana chisankho. Pirirani, kwatsala pang'ono."

A Gavanala anangopumira m'mwamba n'kuyang'ana kunja. Twila anawamvera chisoni, koma pang'ono chabe, chifukwa m'mutu mwake anali akusankha makatani a ofesi.

Atapitirira pamphambano, pomwe msewu umakhota pafupi ndi tchalitchi chakale, wailesi ya mkulu wa alonda, a Pruitt, inalira. Iwo anamvetsera, kenako anatembenuka.

"Minibasi ya atolankhani yaterereka, yalowa m'ngalande. Palibe wavulala. Taitana galimoto yokoka, ife tikupitirira."

Twila anatsala pang'ono kululutira. Masana onse opanda atolankhani! Mulungu sapatsa pamanja, koma nthawi zina amapatsira m'ngalande.

"Imani," anatero a Gavanala.

"Bwana, malamulo athu..."

"A Pruitt, ndati imani. Kwanu kaya mumatani, koma kuno sitidutsa munthu ali m'ngalande. Uko n'kwa a Halvorsen, uko n'kwa achemwali anga. Onse ali pawindo. Ndikadutsa apa, ngakhale ndipambane, kuno sindidzamwanso khofi ndi munthu."

Apa Twila anagwira njakata, chifukwa zimene ankanenazo zinali zoona. Kuno munthu akhoza kukukhululukira kuba mavoti, koma osati kumusiya m'chipale. Pali bambo wina anadutsa galimoto ya m'busa chaka cha chisanu choopsa chija, ndipo adzukulu ake mpaka lero amatchedwa a kubanja lodutsa.

"Chabwino," anatero Twila. "Mukamange tcheni. Koma pakamwa potseka, a Verlin. Lumbirani."

"Ndalumbira."

"Ngakhale akufunseni za nyengo."

"Aa, Twila! Nyengonso?"

"Makamaka nyengo."

Mdipiti unabwerera chafutambuyo. Minibasi anaipeza itagonera mbali m'ngalande, atolankhani akutuluka mmodzimmodzi, wina atakumbatira kamera ngati khanda. Pomwe a Gavanala amatsika, thirakitala ya kwa a Halvorsen inali itafika kale, popanda woitana, tcheni chikulendewera kumbuyo. A Gavanala anavula jekete, anatenga tcheni, n'kugona chagada m'chipale pansi pa minibasi, nkhope ikuwala ngati mwana amene wapatsidwa njinga.

Atolankhani sanakhulupirire mwayi wawo. Munthu amene anamusaka dziko lonse uja anali pamapazi awo, atapanikizika pansi pa galimoto yawo yomwe, opanda kothawira. Onse ananjuta, mamaikolofoni kutsogolo.

"A Gavanala! Za misonkho zija mwaziwerenga tsopano?"

Twila anakweza dzanja kwa a Halvorsen. A Halvorsen, amene anamva zonse ndi maso, anaponda mafuta. Thirakitala inabangula, utsi tolotolo, funso linamira.

"A Gavanala, n'zoona kuti akukubisani?"

Dzanja m'mwamba, thirakitala kubangula.

"Mayi, n'chipongwe chimenechi!" anafuula wa kamera uja.

"Pepani achimwene," anayankha Twila, "injini yakale! Ikazima sidzukanso!"

Milomo ya a Gavanala inkanjenjemera, mawu akuchita kugogoda kumano, koma anasunga lumbiro. Tcheni chinakoka, matayala anazungulira, matope anawaza aliyense mosasankha chipani, ndipo minibasi inakwera pamsewu, zenera limodzi litasweka. Alonda anawanyamula a Gavanala ngati thumba la mbewu n'kupita nawo kugalimoto. Sanayankhe kanthu, ngakhale "eya".

Twila anavina. Anavinadi, pamsewu, pamaso pa makamera, majombo akutereka, manja m'chiuno. Zithunzi za Gavanala akuthandiza anthu zikhala paliponse madzulo ano, popanda liwu limodzi lolakwika! Colby adzamugulira maluwa! Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuzi yake simamva.

Potembenuka m'pamene anamuona Corinne. Kamtsikana kaja kanali kataimirira m'mphepete mwa msewu, kali njenjenje. Kanavala tinsapato ta m'tauni, topyapyala ngati pepala, ndipo potuluka m'minibasi kanaponda pomwe madzi a m'ngalande anaundana ndi chisanu pamwamba pokha, n'kumira mpaka m'mawondo. Milomo inali itayamba kuda. Koma kankayesabe kufunsa funso lake, mano akugundana.

"A Ga... a Gava..."

"Mayo ine, mwana uyu!" Twila anafuula. "Ndani anakuuza kuti ubwere kuno ndi nsapato zimenezi? Amayi ako akudziwa?"

"Ndi... ndili bwino, amayi."

"Uli bwino chiyani? Zala zimenezo zifa ndi chisanu, zidulidwa! Tiye!"

Zimene zinachitika apa Twila sanaziganize, monga momwe munthu saganizira pogwira mwana amene akugwa pampando. Mwana wonyowa m'chisanu umapita naye pamalo otentha kuposa onse, basi, ndipo minibasi yosweka zenera si malo amenewo. Anamukoka dzanja mpaka kugalimoto yaikulu yakuda, anatsegula chitseko, anamukankhira mkati, anamuvula nsapato ndi masokosi, anamukulunga miyendo m'bulangete, anamugwiritsa fulasiki ya khofi.

"Umwe yonse. Mapazi uloze pomwe pakutuluka mpweya wotenthapo. Usatsike mpaka ndikuuze!"

Anatseka chitseko, n'kumenya denga kawiri ndi chikhatho monga timachitira potsanzika galimoto. A Pruitt, amene mtima unali kale m'mwamba chifukwa choima pamtetete, sanadikire kuuzidwa kachiwiri. Galimoto inanyamuka. Twila anatsala akupukuta manja, wokhutira ngati mayi amene wagoneka mwana wodwala.

Kenako anaona kuti atolankhani onse akumuyang'ana, kukamwa yasa.

"N'chiyani?" anafunsa.

Wa kamera uja analoza. Pagalasi lakumbuyo la galimoto yakuda panaoneka mitu iwiri. Umodzi waung'ono, wofunda bulangete. Wina waukulu, wa imvi, ukutembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mlendo.

Twila anathamanga. Anathamanga akufuula dzina la a Pruitt, la a Verlin, ndi la Mulungu, mpaka anagwa chafufumimba m'chipale. Amene anamudzutsa ndi atolankhani omwewo, akuseka mpaka misozi, ndipo anamupatsa mpando wakutsogolo m'minibasi mwawo.

"Takulandirani kumchira, amayi. Kuno n'kozizira, koma nkhani zilipo."

Anayesa kuimbira a Gavanala, koma foni yawo inalira m'chikwama chake chomwe, poti anawalanda yekha mwezi wathawo. Anaimbira a Pruitt, iwo n'kuyankha kuti ntchito yawo ndi kuteteza bwana ku zipolopolo, osati ku mafunso. Chotsala chinali kupenyerera. Dalaivala anasendera pafupi, ndipo onse anaona manja a Gavanala akuuluka pagalasi.

"Akunena chiyani pamenepo, amayi?"

Twila ankawadziwa manja amenewo kuposa ake omwe. "Apo ali pa nkhani ya ng'ombe yawo yoyamba," anayankha mofooka. "Tikadali bwino."

"Nanga apo akuwerenga zala?"

"Ayi, ayi, a Verlin... Apo alowa za misonkho."

"Apo akuloza kumwamba?"

"Amenewo ndi mayi seneta." Anaphimba nkhope, kenako anasuzumira pakati pa zala. "Mayo, akugwedeza mutu."

Minibasi yonse inaphulika ndi chikhakhali, ndipo chodabwitsa n'chakuti Twila nayenso anayamba kuseka. Anaseka mpaka nthiti kuwawa, mphepo ya pazenera losweka ikuumitsa misozi pamasaya. Mafoni a atolankhani anayamba kulira limodzilimodzi, chifukwa Corinne, zala zitangofunda, anayamba kutumiza nkhani.

Atafika m'tauni yotsatira, Corinne anatsika atavala masokosi a ubweya a Gavanala, akudzandira ngati wachokera kuchigayo.

"Amayi," anatero, "ndawafunsa funso limodzi lokha."

"Ndikudziwa mwanangu. Zala zikumva?"

"Zikumva."

"Basi, chabwino."

Foni ya Twila inalira. Anaiyang'ana kanthawi, n'kuyankha.

"Mayi Bergquist." Mawu a Colby anali ozizira kuposa ngalande ija. "Ndamva kuti munamulowetsa nokha. Ndi manja anu. N'kumupatsa khofi."

"Anali atanyowa, bwana."

"Longedzani. Ntchito yatha, za Washington zathanso."

Zinamupweteka. Ankadziwa kuti zibwera, koma zinamupwetekabe, pansi pamtima penipeni, ndipo anaganiza za amayi a kutchalitchi ndi mmene adzamulandirire mokoma mtima mopitirira muyeso. Anatsegula pakamwa kuti apepese, koma anapeza kuti kupepesa kulibe. Akanati aone mwana uja kachiwiri, akanamulowetsanso m'galimoto momwemo.

Nthawi yomweyo a Gavanala anatsika, majombo opanda masokosi, masaya ofiira, maso owala. Twila anali asanawaone choncho chiyambire kampeni. Anatambasula manja, n'kupuma mpweya wozizira mokoka.

"Twila! Mwana uyu amamvetsera bwino bwanji!"

M'foni Colby anali akukuwabe. "Musadule! Ndiyenera kudziwa zomwe ndikuzimitsa. Anena chiyani kwenikweni? Zachitika bwanji zimenezi? Ndifotokozereni zonse, kuyambira pachiyambi!"

Twila anayang'ana foni, anayang'ana a Gavanala, ndipo phazi lake linayambanso kugwedezeka lokha.

"Kuyambira pachiyambi, bwana?"

"Pachiyambi penipeni!"

"A Verlin," anatero Twila mwaulemu wonse, akupereka foni ndi manja awiri, "a Colby ali ndi funso."

A Gavanala anailandira, anatsamira galimoto bwinobwino, anapingasa miyendo, n'kukonza kukhosi.

"A Colby! Funso labwino limenelo. Kuti mumvetse, tiyambire chaka chomwe agogo anga anakumba ngalande imeneija."