Zigoba Zonyezimira

Mayi wa zikhadabo ananyamula kakamba kotchedwa Kamzime kuti akapukute, ndipo chigoba chinabonyoka pansi pa chala chake ngati buledi wa lero. Anachotsa chala msanga. Pamalopo panatsala kadzenje, kenako kanayamba kudzaza kokha pang'onopang'ono, ngati chigobacho chikupuma.

Kumbuyo kwake kunamveka go, go, go. Anali amuna ake, akugogoda mpando wawo wa matayala ndi mphete.

Panali patatha miyezi isanu bambowo atagwa ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, mawu anapita osatsanzika. Munthu amene kale ankayankhula mpaka wailesi kuchita manyazi anangotsala ndi dzanja limodzi ndi maso. Asanadwale, atangopuma pantchito, anabwera ndi tiakamba titatu tating'ono ngati zikhatho za khanda, n'kutitcha Wamkulu, Wapakati ndi Kamzime. Mayiyo sankatilabadira. Iye zake zinali kusaluni, kulawirira m'mawa kubwera madzulo, kusema ndi kupenta zikhadabo za anthu.

Koma matenda atalowa m'nyumba anasiya ntchito, ndipo anaona kuti maso a amuna ake ankadzuka pa tiakambato basi. Iye akalowa m'chipinda, maso aja ankangomudutsa. Ndiye anatiika m'beseni lalikulu pafupi ndi mpando wawo, n'kumatipatsa masamba ndi madzi tsiku lililonse. Makatani anatseka, chifukwa aneba ena chifundo chawo n'chosuzumira pawindo.

M'chipindamo munali chinthu chimodzi chimene mayiyo sankafuna kuuza munthu. Ikangokwana teni koloko m'mawa, tiakamba tonse titatu tinkasiya kudya, n'kufola mbali imodzi ya beseni, makosi m'mwamba, maso kukhomo. Nthawi yomweyo bambo nawo ankatembenuzira mutu kukhomo komweko n'kuyamba kugogoda. Mayiyo ankapita kukatsegula. Panalibe munthu. Ankatseka, n'kubwerera kukapinda zovala zopindapinda kale.

Za chigoba chofewa sanavutike nazo maganizo nthawi yaitali. Zaka makumi awiri akulimbitsa zikhadabo zothetheka za akazi a mabwana, angalephere kamba? Anatsegula chikwama chake cha ntchito, natulutsa kabotolo ka mankhwala olimbitsa zikhadabo, aja osaoneka mtundu. Anapaka tonse titatu, pamsana ndi kumimba komwe, kawiri konse, mwaluso lake lija losadontheza. Amuna ake anagogoda mwamphamvu mpaka mpando kugwedera.

"Mwaona, eti?" anatero mayiyo, akuwasonyeza Kamzime pafupi ndi nkhope. "Kawala ngati kakupita ku ukwati. Musadandaule bambo, ana anu ali m'manja mwa katswiri."

Diso lakumanzere la bambo linatuluka msozi. Mayiyo anaupukuta, poganiza kuti ndi msozi wa chisangalalo.

Patatha milungu itatu kunabwera alamu ake, chemwali wa bambowo, mayi wosadziwa kunong'ona. Anafika nthawi yoipa, teni koloko yeniyeniyo. Anaona tiakamba tikufola, anaona achimwene awo akutembenuka, naponya chikwama pansi.

"Mlamu, zimenezi zimachitika tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

"Ndiye inu mukungokhala phee, kumatipaka zodzoladzola? Tizilombo iti timaona zimene ife sitiona. Tikudikira mlendo, ndipo mlendoyo sakubwerera inu kapena ine." Analoza achimwene awo ndi milomo. "Tayani, mlamu. Katayeni kutali."

"Ndikataya, iwowa aziyang'ana chiyani? Ine anasiya kundiona kalekale."

Alamu ananunkhiza m'mwamba, nakwinya mphuno. "Nanga fungoli? Musandiuze kuti ndi achimwene."

Sanali bambo. Bambo ankasambitsidwa kawiri patsiku. Alamu atapita, mayiyo anagwada pabeseni. Zigoba zinkanyezimira ndithu, koma pansi pa kuwalako panali timadontho totuwa, ndipo pa Kamzime panali kabanga kofiirira ngati magazi otsekeredwa m'galasi. Kanali ndi masiku anayi kasakudya. Atakaika pansi kanayesa kuyenda, koma mwendo wakumbuyo, wa kumanja, kankangoukhwekhwereza. Mbali yomweyo imene inafa kwa mwini wake. Apa mayiyo anachita mantha enieni, atakumbukira mawu a alamu aja.

M'mawa mwake anapempha neba kuti akhale ndi wodwala, naika tiakamba m'katoni, ulendo kwa dokotala wa ziweto.

Dokotalayo anali mayi wachikulire wa magalasi okhuthala. Anatembenuza Wamkulu, nakanda chigoba ndi chikhadabo, nanunkhiza.

"Mwapaka chiyani apa?"

"Mankhwala olimbitsa zikhadabo, adokotala. Abwino, osati aja a m'misewu. Ndi ntchito yanga."

"Ntchito mumaidziwa, palibe pamene mwalumpha," anatero dokotala, osaseka. "Koma mayi, chikhadabo mumadula munthu osamva kanthu. Ichi ndi fupa, chili ndi magazi, chimamva. Mwatsekera chinyezi m'kati, ndiye pamwamba pakuwala, pansi pakuola. Komanso kufewaku kunayamba musanapake. Timawothera dzuwa nthawi yanji timeneti?"

"Dzuwa?"

"Ee, dzuwa. Kamba wamng'ono akasowa dzuwa, chakudya sichimanga mafupa ngakhale adye chotani. Chigoba chimafewa, miyendo imafooka. Mwini wake sanakuuzeni?"

Mayiyo anakhala pansi osauzidwa. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kampanda ka njerwa, kofika m'mawondo, pamalo pamene mthunzi wa khoma umachoka dzuwa likakwera. Iye ankayesa ndi dimba la maluwa limene amuna ake analephera kumaliza, ndipo ankawaseka nalo. Teni koloko iliyonse ya masiku amenewo, pamene bambo ankatulutsira tiakambato m'kampandamo, iye ankakhala ali kusaluni, atagwira chala cha munthu wina. Ndiye kuti kukhomo kuja sikunkabwera mlendo aliyense. Anayi onsewo ankangofuna kutuluka, ndipo bambo anakhala akumuuza miyezi isanu ndi dzanja limodzi limene anatsala nalo.

Dokotala anayamba ndi tiwiri tatikuluto. Anapala mankhwala aja pang'onopang'ono, natsuka mabala, nalemba zoyenera kuchita: dzuwa m'mawa uliwonse, pogona pouma, ufa wa zigoba za mazira pamasamba. Anati tikhala moyo, ngakhale misana idzakula yokhota. Atafika pa Kamzime anakagwira mwendo, mwendo sunabwerere. Anakakhudza pa diso. Kenako anavula magalasi.

"Aka mwabwera nako katapita kale. Mukasiya konkuno kuti ndikataye?"

"Ayi," anatero mayiyo. "Kali ndi mwini wake."

M'basi anaganiza zonama. Akanatha kunena kuti kagonekedwa kuchipatala, kabwera mawa, ndipo mawalo n'kumangosuntha. Bambo akanamutsutsa ndi pakamwa pati? Koma ganizo limenelo ndi limene linamuchititsa manyazi kuposa zonse.

Atafika anathokoza neba, nakankha mpando wa amuna ake kudutsa pakhomo mpaka kuseri kwa nyumba. Bambo anatsinzina, dzuwa litawalasa m'maso. Khungu lawo linali lotuwa, ndipo mayiyo anadabwa kuti m'chipinda muja sankaliona. Anaika Wamkulu ndi Wapakati m'kampanda ka njerwa. Tinaima kaye, kenako tinatambasula makosi ndi miyendo, n'kungoti zii.

Bambo anayang'ana kamodzi, kawiri, nayang'ana katoni.

Mayiyo anagwada patsogolo pawo, natulutsa Kamzime. "Bambo, kafa. Ndakapha ndine. Munkandiuza, ine osamva."

Anakaika m'dzanja lawo lamoyo lija. Bambo anakagwira nthawi yaitali osagwedezeka. Kenako anakatsamiritsa pa ntchafu, nayamba kukanda chigoba ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Kachidutswa konyezimira kanagwera pa thalauza. Anakandanso. Kakambako kankaterereka, kufuna kugwa.

Mayiyo anatambasula manja nakagwirira kuti kasasunthe. Apo bambo anadzutsa mutu n'kumuyang'ana, iye amene, m'maso mwenimweni, koyamba chidwalireni. Sanali maso okhululuka, koma ankamuona. Mayiyo sanathawitse nkhope. Anagwirabe mpaka chigoba chonse chinatha kupalidwa.